Mphoto ya Fulawa

Fili koloko usiku, mvula ya ku Glasgow ikukanda zenera.
Ine ndi Navdeep tatsamiritsa foni pa thumba la fulawa.
Kutsidya kwa nyanja yamchere kukadali madzulo,
anthu avala zonyezimira, akuseka ndi mano ogula.
Kuno uvuni ukufuma. Mabanzi sadikira mphoto.

Filimu yathu aitchula kamodzi kokha,
pa gulu la opaka nkhope ndi osoka zovala,
nthawi imene otchuka amadzuka kukataya madzi.
Mayi wa imvi anakwera pa nsanja, pepala likunjenjemera,
akuti mamba zikwi zinayi anamata ndi zala zake,
limodzilimodzi, miyezi isanu ndi inayi.
Oyimba anamudula mawu asanatchule mwamuna wake.

Eti ndi za ana.
Eti chinjoka si munthu, misozi yake ndi ya makina.
Ndiye chaka chino apatsanso bambo wa jekete yotuwa
amene kwa maola awiri amangoyang'ana pa zenera
chifukwa mkazi wamuthawa.
Chaka chatha analinso yemweyo, zenera lina.
Sindikukana, kusiyidwa kumapweteka.
Koma anagamula ndani kuti chisoni chimavala jekete basi,
kuti chikamera mapiko chasanduka masewera?

Ine ndinapita Lachiwiri masana, matikiti akatsika mtengo,
ndi bambo anga, a Alasdair,
amene anawotcherera zitsulo za sitima pa mtsinje wa Clyde
mpaka makutu anagontha.
Masiku ano amandiitana dzina la mlongo wawo
amene anamwalira ine ndisanabadwe.
Ndinawatenga chifukwa m'holo mumafunda, basi.

Chinjokacho chinali chokalamba.
Chinaiwala phanga limene chinasiyamo moto wake.
Chimayenda wapansi, mapiko akukwekwereza m'chipale,
phiri ndi phiri, kufunsa mbuzi zakutchire ngati zikuchidziwa.
Kamtsikana koweta nkhosa kamachiuza dzina lake m'mawa uliwonse,
pofika madzulo lagwanso ngati batani.
Mawa kayambirenso. Osakwiya. Nthawi zina kukwiya.

Mumdimamo dzanja lokhakhala linandigwira pamkono.
"Ishbel," anatero, "chimenechi chikuopa."
Ishbel.
Chichokereni Khirisimasi ndinali ndisanalimve pakamwa pawo.
Ndinakhala duu, chimanga chokazinga chili pamwendo,
kuopa kupuma, kuti lingathawe.

Tsono inu a envulopu, munali kuti tsiku limenelo?
Mwina munaonera theka, foni ili m'manja,
mwina munapatsa adzukulu kuti akuuzeni.
Mumafuna zoona zikubwerereni zitapesa tsitsi,
zikulankhula motsitsa m'khitchini yodula.
Zina zoona n'zazikulu, sizilowa pakhomo la khitchini.
Zimafuna phiri. Zimafuna mchira wogwetsa mitengo.

Envulopu yomaliza yang'ambidwa. Jekete yaimirira,
ikuthokoza loya wake.
Navdeep watukwana m'Chipunjabi, kenako wapepesa kwa mabanzi.
Foni yazima yokha, batire latha, zatithandiza.

Patebulo patsala mtanda wosakwana buledi.
Waukoka, waupinda khosi,
watenga sizasi, tcheku tcheku, mamba msana wonse,
mphesa zouma ziwiri zikhale maso.
Phiko limodzi lalephereka. Tati lisiyeni, n'lokalamba.
Mu uvuni chafufuma, chapsa bwino, chapeza moto wake.

Seveni koloko ndikwera basi ya ku Maryhill
chili m'pepala, chikunditenthera pachifuwa.
Ku nyumba ya okalamba adzakhala atawakhazika pa zenera,
opanda jekete, opanda kamera.
Ndidzanena dzina langa, monga dzulo.
Mwina adzachizindikira. Mwina adzangoluma mutu
n'kufunsa ngati kuli batala.
Ndatenga batala.